Mabuleki a Lachisanu

A Macfussy Nyirongo analowetsa galimoto yawo pa bwalo la mpikisano dzuwa litapendeka, Lachisanu lina la mwezi wa Malichi, m'chaka chachiwiri cha mliri wa korona. Galimotoyo inali yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yakale kuposa iwo eni ake. Anaigula ili chiphakasa kwa Mlebanoni wina wa ku Industrial Area, n'kumaikonza pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba yawo ku Al Thumama, mainjiniya anzawo akupuma.

Kamodzi pa chaka eni magalimoto akale ankaloledwa kuwathamangitsa pa bwalo limeneli, kumpoto kwa Doha, kumene kulibe maloboti kapena makamera a pamsewu. Chaka chathacho mwambowu unalephereka chifukwa cha matendawa. Chaka chino unabwerera, koma oonerera analetsedwa. Mipando yonse ya m'mbali inali mbee, fumbi lokhalokha.

Munthu wa mbendera anakupiza yobiriwira. A Macfussy anaponda moto. Injini inayankha ndi mawu a pakhosi, chiwongolero chamatabwa chikunjenjemera m'manja mwawo. Analowetsa giya yachitatu, kenako yachinayi, mphepo yotentha ya m'chipululu ikuwomba pa helemeti. Anatsokomola kawiri, thukuta likuwalowa m'maso, koma anaseka okha. Pa kona yoyamba galimoto inapendeka n'kudzukanso bwinobwino. M'kagalasi koonera kumbuyo ankaona galimoto yabuluu ya mnzawo, a Goodson Kachale, ikutsalira.

Atazungulira kachiwiri anamva buleki yafewa pang'ono. Anaganiza kuti ndi kutentha chabe. Anatulukira pa msewu wautali woongoka, muvi wa sipidi ukukwera mpaka pamene sunafikepo chigulireni galimotoyo. Zikwangwani zochenjeza za kona zinayamba kudutsa. Anaponda buleki.

Phazi linangolowa mpaka pansi ngati aponda papaya lakupsa.

Anapopa, osagwira. Anakoka handibuleki, matayala akumbuyo analira, galimoto inatembenuka chammbali n'kulowa m'miyala. Inagubuduka kamodzi, n'kukaima chagada pa khoma la matayala. Pamene ambulasi inkafika, injini inali itazima ndipo a Macfussy anali atamwalira.

*

M'mawa mwake apolisi anaitanitsa Wickson Mbewe kuti adzamasulire. Wickson anagwirapo ntchito ya CID ku Limbe kwa zaka zambiri asanabwere ku Doha, kumene tsopano ankayang'anira alonda pa hotela ina. Anali m'komiti ya Amalawi okhala ku Qatar, ndiye kukagwa vuto foni inkalira kwa iye.

Wapolisi wofufuza mlanduwo, Hamad, anali wamtali, wa maso otopa pamwamba pa masiki. Anayankhula Chingerezi chachidule.

"Galimoto inayesedwa m'mawa, mabuleki anali bwino. Inathamanga ulendo wa m'mawa, mafi mushkila, popanda vuto. Masana inagwa. Tapeza kanati ka pa tayala lakumbuyo, kotulutsira mafuta a mabuleki, katamasulidwa. Kanati sikamasuka kokha. Munthu anakamasula ndi sipanala nthawi yopuma."

"Mwagwira ndani?"

"Dalaivala wa pakhomo pake. Ndi amenenso ankakonza galimotoyo. Foni yake tinaipeza pansi pa mpando, ndipo ndi imene inaonetsedwa pageti polowa, pa app ya korona. Ankafuna kusintha ntchito, bwana wake ankakana. Iye akuti sanapiteko ku bwaloko, koma Chingerezi chake chathawa. Yankhula naye. Yalla, fulumira."

Bryson anali pa mpando wachitsulo, manja ali pakati pa maondo. Anali wa ku Thyolo, wa thupi laling'ono, zikhadabo zakuda ndi girizi. Ataona Wickson anafuna kuimirira.

"Khala pansi, mphwanga. Dzulo unali kuti?"

"Pakhomo, achimwene. M'chipinda mwanga, kuseri kwa galaja. Tsiku lonse."

"Anakuona ndani?"

"Madamu analipo."

"Madamu auza apolisi kuti anali mtulo, anachokera ku naiti. Sakudziwa ngati unalipo kapena ayi."

Wickson anapitiriza kufunsa.

"Za ntchito yatsopanozi n'zoona?"

"N'zoona. Hotela ina ya ku West Bay inanditenga ngati dalaivala. Malamulo atsopanowa akuti sipafunikanso NOC ya kafeel, kalata yachilolezo ya bwana, ndiye ndinapanga apply. Abwana atamva anakwiya. Anati ndikangotuluka pageti akandilembetsa kuti ndathawa, visa ithere pompo. Anati ndani adzaidziwe galimotoyi ngati ine."

"Ndiye unakwiya."

"Ndinakwiya, sindikana. Ndinauzapo mnzanga wina kuti abwanawa adzafera m'galimoto yawo yomweyi. Kunali kuyankhula chabe, achimwene. Mabuleki amene aja ndinawamanga ndi manja angawa. Ndingawamasulenso bwanji?"

"Nanga foni yako inafika bwanji pansi pa mpando?"

Bryson anayang'ana Hamad, amene anali atatsamira chitseko osamva kanthu, kenako anayang'ana pansi.

"Mukawafunse madamu. Anandiuza kuti ndisayankhule za foni, akonza okha zonse."

"Ukudziwa chilango cha kupha munthu m'dziko muno?"

"Ndikudziwa." Mawu ake anatsika. "Mukawafunse madamu."

*

Tsiku lachiwiri la mwambo wa magalimoto linali litaimitsidwa. Wickson anafika ku bwaloko mphepo ikuulutsa mchenga pa phula, eni magalimoto akukweza katundu wawo mwakachetechete. Pageti panali Chawezi, mlonda wa ku Rumphi amene anagwirapo ntchito pansi pa Wickson ku hotela. Chawezi anali wolongolola, ndipo imfayo inali itamuwonjezera mawu.

"Dada, ine dzulo sindinadye. Munthu tapatsana naye moni m'mawa, masana ali m'thumba lakuda. Moyo uwu, yayi."

"Unali pageti pano pamene ankalowa?"

"Ine ndemwe. Aliyense wolowa amandionetsa foni, Ehteraz, app ya korona ija, ikhale yobiriwira, ndiipange scan, alowe. Ikakhala yofiira kapena yachikasu, khalas, basi, abwerere, kaya ndi mudir, bwana wamkulu wa kampani yanji."

"M'galimoto yofiira munali anthu angati?"

"Mmodzi."

"Ganiza bwino."

"Dada, kagalimoto kaja ndi kakang'ono chomene, kopanda denga. Pa mpando winawo panali helemeti ndi bokosi la masipanala. Munthu wachiwiri akanakhala pati, pa boneti? Anali okha a Nyirongo, masiki mpaka m'maso, magalasi akuda. Anatulutsa foni, yobiriwira, makina analira bwino, ndinawatsegulira."

"Unawerenga dzina pa foniyo?"

Chawezi anakanda kumbuyo kwa khutu. "Mzere unali wautali. Timangoona mtundu. Apolisi sanandifunse zimenezo, anangofunsa ngati foni ya Bryson inadutsa pano. Makina akuti inadutsa."

"Nthawi yopuma kumagalajaku kunali ndani?"

"Palibe. Nthawi ya Juma anthu onse anapita ku mzikiti uko kuseri. Azungu ndi ena osapemphera anakakhala m'nyumba ya ma-AC. A Nyirongo ndinawaona atagona m'galimoto ya ambulasi yopuma ija, kumthunzi, ati mutu. Ngakhale tenti ya zakudya inatseka, mukudziwa Lachisanu. Ine ndinafuna tiyi, mafi, kunalibe."

Wickson anayenda kupita ku magalaja. Pa khomo lina anapeza galimoto yabuluu, yonyezimira ngati yatsopano, ndipo pambali pake panaima a Goodson Kachale. Anali akauntanti, mkulu wa mpingo wa Amalawi, munthu woyankhula mosathamanga. Mkazi wawo, mayi Winnie, anamwalira ndi korona chaka chathacho, ndipo kuyambira pamenepo a Goodson ankavala masiki awiri.

"A Mbewe, mwabwera. Tataya munthu."

"Pepani, bambo. Ndamva munali kumbuyo kwawo."

"Ndinali kumbuyo kwawo. Tinayamba limodzi chizolowezi chimenechi, iwo ndi ine. Munthu ukakhala pa msewu uwu umaiwala kuti uli kudziko la eni. Dzulo ndinkawaona akuchepa kutsogoloko, akuthamanga koposa masiku onse. Pa kona paja nyali zofiira zinayaka, koma galimoto sinachepetse. Ndinadutsa m'fumbi lawo." Anapukuta magalasi awo. "Sindidzayendetsanso pano."

"Munacheza nawo nthawi yopuma?"

"Ayi. Dzulo sindinawayandikire n'komwe. Ndinangowakwezera dzanja chapatali."

"Munali kuti nthawi ya mapemphero?"

"Ku tenti ya zakudya. Ndinakhala kumeneko ndi kapu ya tiyi mpaka mbendera."

Wickson anagwedeza mutu. Anazungulira galimotoyo ngati munthu wongosirira. Penti yake inali yosalala paliponse, kupatula pa chitseko cha dalaivala. Pamwamba pa chogwirira panali timizere titatu pamene penti inatupa n'kuchita makwinya, motalikirana ngati zala za munthu.

"Galimoto yokongola," anatero Wickson.

"Inali ya Winnie pamtima," anayankha a Goodson, n'kuponya nsalu pa chitsekocho.

*

Ku Al Thumama geti la nyumba ya a Nyirongo linali lotseka. Panalibe anthu a pamaliro, chifukwa malamulo a mliri sankalola. Mayi Maud, mkazi wa malemu, nesi wa pa chipatala china chachikulu, anatuluka atavala chitenje pamwamba pa diresi yakuda. Sanatsegule geti. Anaima patali, mkati mwa mpanda.

"A Mbewe, mundikhululukire, sindingakulowetseni."

"Chifukwa chiyani, mayi? Ndavala masiki."

"Ndi ma-rules basi."

"Pepani ndi zimene zagwazi. Ndachokera kwa Bryson. Akuti ndikufunseni za foni."

"Ine za foni yake sindikudziwa. Ndinali ndikugona."

"Foni ya bambo ili kuti?"

"Ili m'nyumba. Anaiwala."

"Munthu sangalowe ngakhale mu supamaketi wopanda foni masiku ano. Iwo anapita ku bwalo la mpikisano ataiwala yawo, n'kulowa. Mlonda wa pageti akuti anali okha m'galimoto. Mungandibweretsere foniyo, tione mtundu umene ikuonetsa?"

Mayi Maud anagwira chitsulo cha geti. Mphepo inakankha chitini chopanda kanthu pa simenti, ndipo onse awiri anachiyang'ana mpaka chinaima.

"Ndi yofiira," anatero. "Result inabwera Lachinayi. Positive."

"Pitirizani, mayi."

"Ndinawauza kuti akhale m'chipinda. Ndinawachonderera. Ine ndimagwira ku ward ya korona, a Mbewe, ndimaona anthu akufa atagona chafufumimba. Iwo anati ndi chimfine chabe, adikira zaka ziwiri, sangaphonye chifukwa cha chimfine. M'mawa analowa kwa Bryson n'kumulanda foni. Anamuuza kuti akabwerako amusainira zonse, apite ku hotela kwakeko mwamtendere. Mwanayo akanatani?"

"Ndiye Bryson anali pakhomo pano."

"Anali pano. Ndinamuona akutsuka galaja."

"Koma apolisi munawauza zina."

"Ndikanena zoona, afunsa kuti nesi iwe unadziwa liti, bwanji sunanene, bwanji unapita ku shift Lachinayi usiku mwamuna wako ali positive m'nyumba. License yanga ithera pomwepo. Ana ali ku sukulu ku Lilongwe, bambo awo apita. Ndinkaganiza kuti amusunga pang'ono n'kumutulutsa. Sindinkadziwa za kanati kaja."

"Akapezeka wolakwa sadzatulukanso."

Mayi Maud anaweramitsa mutu. Misozi inkalowa m'masiki mwawo.

"Ndani winanso ankadziwa kuti bambo akudwala?"

"Palibe."

"Mayi, pali munthu amene anandiuza lero kuti dzulo sanamuyandikire n'komwe mnzake wa zaka zambiri. Anangomukwezera dzanja chapatali. Ndikufuna kudziwa chimene chinamuopsa."

Anakweza maso pang'onopang'ono.

"Atangotuluka ndinaimbira a Kachale. Ndinawauza zonse. Ndinati inu ndinu mnzawo, ndinu mkulu wa mpingo, chitani chilichonse asakhale pakati pa anthu, abwerere kunyumba." Anasiya chitsulo chija. "Ndinati chilichonse, a Mbewe. Ndi mawu amene ndinanena."

*

A Goodson ankakhala pa fulati ina ku Al Nasr, pamwamba pa shopu ya matayala. Wickson anafika dzuwa likulowa, azana, mawu oitanira ku mapemphero, akumveka kuchokera ku mzikiti wapafupi. Chitseko chinali chosakhoma. Pabalaza panali masutikesi awiri otsegula, ndipo a Goodson anali atakhala pa mpando, chithunzi cha mayi Winnie chili pamiyendo.

"Mukupita kumudzi, bambo?"

"Ndege ya mawa m'mawa, kudzera ku Addis. Masiku ano exit permit kulibe, a Mbewe. Munthu umangogula tikiti n'kunyamuka. Malamulo atsopano."

"Bryson nayenso amawadalira malamulo atsopanowo."

A Goodson analoza mpando wina. Wickson anakhala.

"Tenti ya zakudya inali yotseka nthawi ya mapemphero," anatero Wickson. "Ndipo mafuta a mabuleki amadya penti. Munthu akawagwira n'kukatsegula chitseko cha galimoto yake asanasambe m'manja, zala zake zimatsala pamenepo."

"Ndinaziona m'mawa uno. Ndinayesa kupukuta." Anayika chithunzi chija pa tebulo mosamala. "Munali wapolisi wabwino, anthu amanena."

"Ndiuzeni mmene zinayendera."

"Mayi Nyirongo atandiimbira ndinamupeza Macfussy ku galaja ya ku bwaloko. Ndinaima pakhomo, ndinati mnzanga, bwerera kunyumba. Anali atatsitsa masiki, akuseka ndi anthu oyeza magalimoto, akuwagwira m'mapewa. Mmodzi wa iwo ndi bambo wachikulire wa ku Kerala, wodwala shuga. Ndinati ndikakuneneza kwa oyang'anira. Anati kanene, ndipo Maud achotsedwa ntchito, Bryson apita kundende chifukwa cha foni, iwe udzakhala mkulu wa mpingo amene anagwetsa banja la mnzake. Kenako anati, Goodson, si aliyense amafa nayo. Winnie anali wofooka kale."

A Goodson anayang'ana chithunzi chija. Pansi pa nyumbayo wina ankatsitsa chitseko chachitsulo cha shopu.

"Winnie ndinamuona komaliza pa foni ya nesi. Sanandilole ngakhale kumugwira dzanja. Ndiye munthu n'kundiuza zimenezo, akutsokomola."

"Munafuna kumupha?"

"Ayi. Mulungu akundimva. Anthu atapita ku mapemphero ndinatenga sipanala m'bokosi lake lomwe. Ndinkaganiza kuti ndikamasula kanati kaja, akangoponda buleki potuluka mu galaja phazi lilowa pansi, galimoto aikankhira pambali, tsiku lake lithera pomwepo, apita kunyumba akutukwana. Koma ine ndine wa manambala, si makaniko. Ndinamasula pang'ono kwambiri. Mafuta ankatuluka madontho, buleki iliyonse madontho. Nditamuona akutuluka bwinobwino ndinathamangira m'galimoto yanga. Ndinamutsatira, ndikuwalitsa nyali, ndikuimba hutala. Pa bwalo paja hutala samveka. Iye ankaona ngati tikupikisana, ndiye ankawonjezera moto."

"Mukanaima n'kuuza wa mbendera."

"Ndikanatero. Ndinaganiza zimenezo pa kona iliyonse. Ndinkati ndimupeza pa kona inayo, ndimukodola aime, palibe adziwe." Anavula magalasi. "Ndinaopa manyazi, a Mbewe. Ndi zokhazo."

"Bryson ali m'chitolokosi."

"Ndikudziwa. Ndakhala pa mpando uno kuyambira masana. Sutikesi iyi ndailongedza n'kuipasula, n'kuilongedzanso."

"Ine si wapolisi kuno, bambo. Sindingakugwireni. Koma ndikachoka pano ndikupita kwa Hamad, ndipo ku eyapoti mukapeza dzina lanu lafika kale. Kuli bwino mulowe nokha pakhomo paja kusiyana n'kuti akakutengeni pamzere wa ndege."

A Goodson anayang'ana masutikesi aja nthawi yaitali. Kenako anaimirira, anavala jekete ya suti imene ankavala polalikira, n'kutenga pasipoti pa tebulo.

"Mundiyendetse ndinu," anatero. "Manja angawa sakugwira chiwongolero."

*

Thupi la a Macfussy silinaloledwe kukwera ndege chifukwa cha matenda aja. Anawaika ku manda a m'chipululu, kunjira ya ku Dukhan, pamaso pa anthu ochepa oima motalikirana. Mayi Maud anaonera pa foni ali m'chipinda chowatsekera, kalata yowaimitsa ntchito itafika kale. A Goodson anali kudikira khoti.

Bryson anamuchotsera mlandu wakupha, koma wa foni unatsala. Lamulo linati anapereka foni yake kwa munthu wodwala, ndipo sanafunse kuti wantchito angakanize bwanji bwana wake. Hotela ija inalemba dalaivala wina. Wickson anayenda m'maofesi, komiti inalemba madandaulo, koma chigamulo chinali choti abwerere kwawo.

Tsiku lonyamuka Wickson anamupititsira chikwama cha zovala kumalo osungira anthu othamangitsidwa. Anayankhulana pa galasi. Bryson anali atawonda, ndipo girizi yense anali atachoka m'zikhadabo.

"Kumudzi ukachita chiyani?"

"Ndikaona, achimwene. Mwina pa Bvumbwe pali galaja ingandifune." Anazengereza. "Galimoto ija ili kuti?"

"Ili ku yadi ya apolisi. Mlandu ukatha aiphwanya."

Bryson anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Injini ija ndinaitsitsa ndekha, n'kuibwezeramo ndekha. Mipando ndinasoka ndi singano ya matumba. Usiku abwana akagona ndinkangokhalamo m'galaja, manja pa chiwongolero." Anayang'ana m'manja mwake. "Mukudziwa, achimwene, sanandilolepo kuiyendetsa. Ngakhale kuitulutsa pageti."

Mlonda anagogoda pa galasi n'kuloza wotchi. Bryson ananyamula chikwama chake, anawerama pang'ono mwaulemu, n'kulowa pamzere wa anthu opita ku basi.